Mmene mungayezere ululu wa mwana amene wangochitidwa opaleshoni

Sipatha sabata popanda wina kundiimitsa pakati pa mabedi n'kundifunsa funso lomwelomweli. Nthawi zina amakhala wophunzira unamwino amene wangoyamba kumene mu wodi ya ana, nthawi zina amakhala mayi amene wachezera usiku wonse pampando pambali pa mwana wake. "Kodi ameneyu akulira chifukwa cha bala kapena ndi mantha chabe? Nanga ngati kukumuwawa, kukuwawa motani?" Ndayankha ndili chiimire, ndayankha pa foni, ndipo nthawi zonse ndimazindikira pambuyo pake kuti ndasiya mbali ina yofunika. Ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi kuti wofunsa aziwerenga modekha.

Dziwani kaye kuti palibe kachipangizo komwe mungamuike mwana kukhwapa n'kukuuzani kuchuluka kwa ululu wake, ngati mmene timayezera kutentha kwa thupi. Makina alipo ndithu oyeza kusinthasintha kwa kagundidwe ka mtima, thukuta la m'manja kapena kukula kwa kamwana ka diso, koma amenewa amangoona kuti thupi ladzidzimuka, ndipo thupi limadzidzimukanso ndi mantha, malungo kapena kutaya magazi. Chimene tili nacho ndi miyezo imene inafufuzidwa pa ana ambiri, yokhala ndi malamulo ake a zoyenera kuyang'ana ndi malikisi oyenera kupereka. Cholinga chake n'chakuti anthu awiri akayang'ana mwana mmodzi pa nthawi imodzi, apeze nambala yofanana kapena yoyandikana, mwanayo asadalire kuti lero wapeza namwino wachisoni kapena wotopa.

Mpaka m'zaka za m'ma 1980, m'zipatala zambiri padziko lapansi makanda ankachitidwa opaleshoni ndi mankhwala opha ululu ochepa kwambiri, ena popanda n'komwe, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti khanda silimva kuwawa. Mu 1987 madokotala awiri, Anand ndi Hickey, analemba m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine kuti ngakhale khanda lobadwa masiku asanakwane lili nayo kale mitsempha yomvera ululu, ndipo ululuwo umalisokoneza thupi lonse. Bungwe la akatswiri a za ululu padziko lonse, IASP, pokonzanso tanthauzo la ululu mu 2020 linanenetsa kuti kulephera kulankhula sikusonyeza kuti munthu sakumva kuwawa. Chikhulupiriro chakale chija m'mabuku chinatha, koma ine ndimakumana nachobe pambali pa bedi, wina akamati "wagona, musiyeni" kunena mwana amene sanagone n'komwe.

1. Yambani opaleshoni isanachitike

Simungadziwe kuti mwana wasintha ngati simunamuone mmene amakhalira zinthu zili bwino. Tsiku lomwe wagonekedwa, lembani kugunda kwa mtima wake, kapumidwe ndi kuthamanga kwa magazi pa nthawi imene ali phee, osati atangobayidwa kumene. Mukatero khalani pansi ndi kholo mufunse kuti, "Amayi, mwanayu pakamuwawa amanena kuti chiyani? Amalira kapena amangoti duu? Chimamutonthoza n'chiyani?" Ana ambiri aang'ono ali ndi liwu lawolawo la ululu limene amalidziwa a m'nyumba mwawo okha. Lilembeni pa tchati kuti wobwera usiku alipeze.

Ngati mwanayo ali ndi zaka 4 kapena kuposa, muonetseni chithunzi cha nkhope chimene ndifotokoze m'munsimu pa nthawi yomweyi. Muyeseni ndi chinthu chimene akuchikumbukira: "Tsiku lija unagwa n'kusupuka bondo, zinali ngati nkhope iti?" Kuphunzitsa mwana chinthu chachilendo atangotsitsimuka, mutu uli ziii ndipo akumva nseru, n'kumuvutitsa chabe. Opaleshoni ikakhala yadzidzidzi, funsani makolo mafunso aja mwana ali m'chipinda cha opaleshoni.

2. Sankhani muyezo woyenera mwanayo

Chotsogolera ndi msinkhu wa mwana komanso zimene angathe kuchita pa nthawiyo. Khanda longobadwa kumene mpaka miyezi ingapo limayezedwa ndi muyezo wotchedwa CRIES. Mwana wa miyezi 2 mpaka zaka 7 amene sangathe kufotokoza yekha amayezedwa ndi FLACC, muyezo woyang'ana zochita za mwana. Kuyambira zaka 4 ana ambiri amatha kuloza nkhope pa chithunzi chija, chotchedwa FPS-R, ndipo akafika zaka 8 amatha kutchula nambala kuchokera pa 0 mpaka 10. Mwana amene ali pa makina opumira, amene kulira kwake sikungamveke, ali ndi wake muyezo wotchedwa COMFORT-B.

Mwana amene ali ndi vuto la ubongo ndipo salankhula, kaya ali ndi zaka 6 kaya 15, gwiritsani ntchito FLACC yokonzedwanso mu 2006, imene amaitcha r-FLACC. Kusiyana kwake n'kwakuti makolo amawonjezerapo zizindikiro za mwana wawo. Wina kukamuwawa amadziluma dzanja, wina amadzigunditsa mutu, wina amagwira mpweya, wina amaseka kumene. Zimenezi mlendo sangazitanthauzire.

Mukasankha, khalani pomwepo. Wam'mawa akayeza ndi nkhope, wamasana ndi FLACC, wausiku n'kungolemba kuti "ali bwino", palibe amene angadziwe ngati ululu ukutsika kapena ukukwera.

3. Mwana wotha kulankhula, mufunseni mwini wake

Palibe muyezo woyang'ana ndi maso umene umaposa mawu a mwanayo. FPS-R, imene inasindikizidwa mu 2001, ili ndi nkhope 6 zondandalikidwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo malikisi ake ndi 0, 2, 4, 6, 8 ndi 10. Khalani pansi kuti maso anu alingane ndi ake, mumuuze kuti, "Nkhope izi zikuonetsa mmene chinthu chingawawire. Iyi yoyambayi sikumva kuwawa kulikonse. Tikamapita uku kuwawa kukunka kukula, mpaka iyi yomalizayi ikumva kuwawa kwambiri. Tandilozere imene ikufanana ndi mmene iwe ukumvera panopa."

Mawu akuti "yosangalala" ndi "yokhumudwa" musawatchule. Mukawatchula, mwanayo akuuzani za mumtima mwake, ndipo ndi mwana uti amene amasangalala ali m'chipatala? Apa m'pamene chithunzi china chotchuka, cha Donna Wong ndi Connie Baker cha m'zaka za m'ma 1980, chimafunika kusamala nacho. Chimayamba ndi nkhope yomwetulira n'kuthera pa nkhope ya misozi. Mwana wamantha amene sakumva kuwawa safuna kuloza yomwetulira, ndipo mwana amene akudzilimbitsa kuti asalire safuna kuloza ya misozi ngakhale kukumuwawa koopsa. Ngati ndi chimene muli nacho, gwiritsani ntchito, koma mufotokozereni kuti munthu angasankhe nkhope yomaliza ngakhale sakulira.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi ichi: namwino kapena kholo ayang'ana nkhope ya mwana, ayang'ana chithunzi, n'kusankha okha yofanana nayo. Chithunzicho sanachipangire zimenezo. Wosankha ndi mwana. Ngati sangathe kusankha, chiikeni pambali mupite ku FLACC.

Musamuikire yankho m'kamwa. "Sipakuwawa, eti?" ndi funso limene mwana waulemu amangovomera. Ndipo kumbukirani kuti mwana amene waphunzira kuti akanena zoona kumabwera jakisoni, amabisa. Muuzeni poyambirira kuti mankhwala adzera pa diripi imene ali nayo kale kapena akhala akumwa, ngati ndi mmene zililidi. Ana a zaka 3 ndi 4 amakonda kuloza nkhope yoyamba kapena yomaliza basi, zapakati sazidziwa. Mukakayikira, muikireni zinthu zitatu zosiyana kukula azindandalike kuyambira chaching'ono. Akalephera zimenezo, chithunzi cha nkhope sichinamufikire.

Funsani kawiri: atagona phee, ndiponso atapuma mokoka mpweya, kutsokomola kapena kutembenuka. Lembani nambala zonse ziwiri.

4. FLACC: vundukulani bulangete, muyang'ane nthawi

Muyezo umenewu unakonzedwa ndi Sandra Merkel ndi anzake ku University of Michigan, n'kusindikizidwa mu 1997. Zilembo zisanuzo zikuimira mawu a Chingerezi otanthauza nkhope, miyendo, mayendedwe a thupi, kulira ndi kutonthozeka. Mbali iliyonse imalandira 0, 1 kapena 2, zonse pamodzi sizipitirira 10.

Nkhope ikakhala yomasuka kapena yomwetulira, perekani 0. Akamakwinya nkhope kapena kuchita tsinya mwa apo ndi apo, kapena akaoneka kuti alibe chidwi ndi chilichonse, ndi 1. Chibwano chikamanjenjemera pafupipafupi kapena akamalumanitsa mano, ndi 2. Miyendo yomasuka ndi 0, yosakhazikika kapena yokungika ndi 1, akamaponda mwamphamvu kapena kuikokera kumimba ndi 2. Pa mayendedwe a thupi, wogona bwinobwino ndi wosuntha mosavuta ndi 0, wotembenukatembenuka kapena wokungika thupi ndi 1, wopinda msana chakumbuyo, wouma gwa kapena wodzidzimukadzidzimuka ndi 2. Wosalira ndi 0, wobuula, wosisima kapena wodandaula mwa apo ndi apo ndi 1, wolira mosalekeza kapena mofuula ndi 2. Pomaliza, wokhazikika yekha ndi 0, wotonthola mukamusisita, kumufukata kapena kumulankhula ndi 1, wovuta kumutonthoza ndi 2.

Mukaphatikiza, 0 ndiye kuti ali bwino, 1 mpaka 3 ndi kusapeza bwino pang'ono, 4 mpaka 6 ndi ululu wapakati, 7 mpaka 10 ndi ululu waukulu.

Malikisiwa ndi osavuta kuloweza. Chimene anthu amaphonya ndi kayang'anidwe. Simungapereke malikisi a miyendo imene ili m'bulangete, choncho vundukulani. Imani pamenepo mphindi 2 mpaka 5 ngati ali maso, ndipo osachepera mphindi 5 ngati wagona, mukuyang'ana wotchi, chifukwa munthu wotanganidwa akaima theka la mphindi amaona ngati waima nthawi yaitali. Mugwireni pa mkono ndi pa ntchafu mumve ngati minofu yakungika. Mbali ya kutonthozeka simungaipatse malikisi musanayese kumutonthoza, inuyo kapena mayi ake. Ndipo lembani zimene mwaona pa mphindi zimenezo, osati zimene mukuganiza kuti mwana wa opaleshoni yotere ayenera kumva.

5. Khanda, ndi nkhani ya kugunda kwa mtima

CRIES inakonzedwa ndi akatswiri awiri, Krechel ndi Bildner, mu 1995, ndipo inapangidwira makanda ochitidwa opaleshoni, kuphatikizapo obadwa masiku asanakwane kuyambira pa masabata 32 a mimba. Nayonso ili ndi mbali zisanu za malikisi 0 mpaka 2: kaliridwe, kuchuluka kwa okisijeni amene khandalo likufunika, kukwera kwa kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, nkhope, ndi mmene lagonera mu ola lapitalo. Apa m'pamene manambala aja munalemba opaleshoni isanachitike amagwira ntchito. Kukwera kosafika 20 peresenti ndi 1, kupitirira pamenepo ndi 2. Khanda limene mtima wake unkagunda ka 140 pa mphindi, malire ake ndi 168. Kuthamanga kwa magazi yezani pomaliza, chifukwa lamba uja akafinya mkono khanda limadzuka n'kulira, zina zonse n'kusokonekera. Malikisi akapitirira 4, khandalo likufunika thandizo.

Musadalire kugunda kwa mtima pakokha, pa mwana wa msinkhu uliwonse. Kumakwera ndi malungo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kutaya magazi ndi mankhwala ena. Komanso ululu ukakhalitsa, thupi limazolowera ndipo mtima ukhoza kubwerera mwakale ululu udakalipo. Mtima ukamathamanga koma mwana ali wotumbuluka, manja ndi mapazi zikuzizira, ganizirani za magazi musanaganize za ululu, ndipo itanani dokotala.

6. Pamene nambala ingakunamizeni

Mabuku ambiri amathera pa kuphatikiza malikisi. Koma ntchito yeniyeni ili apa, chifukwa FLACC ndi inzake imayeza zochita za mwana, ndipo zochitazo zikhoza kukhala zambiri popanda ululu, kapena kusoweratu ululu uli pachimake.

Ndiyambe ndi mwana wachete, chifukwa ndi amene amandisowetsa tulo. Tsiku lina m'mawa ndinapeza mtsikana wa zaka 5 amene dzulo lake anamuchotsa apendikisi. Pa tchati panali FLACC ya 0 katatu usiku wonse, ndipo amene analemba sananame, chifukwa mwanayo sanalire, sanaponde, sanatembenuke. Anali chagada, maso ali tong'o kudenga. Nditavundukula nsalu ndinaona kuti manja onse awiri afumbata chofunda mwamphamvu moti mfundo za zala zinali zitatumbuluka. Ankapuma pang'onopang'ono ndi chifuwa chokha, mofulumira, kuopa kuti mimba ingasunthe. Ndinati, "Mwanawe, takoka mpweya kwambiri ndione." Anangopukusa mutu pang'ono, msozi umodzi n'kutsetsereka kulowera kukhutu. Nditamuonetsa chithunzi cha nkhope, anatambasula chala chimodzi osasuntha mkono, n'kuloza yachisanu. Imeneyo ndi 8. Patapita theka la ola atalandira mankhwala, anatembenukira kwa mayi ake n'kufunsa ngati angamwe madzi.

Mwana ameneyu ankatha kulankhula, kungoti palibe anamufunsa, poti ankaoneka wofatsa. Ana ochitidwa opaleshoni ya pamimba, pachifuwa kapena pamsana amazindikira msanga kuti kulira kumagwedeza bala, ndiye amauma ngati mtengo. Khanda limene lalira mpaka kutheratu mphamvu limachitanso chimodzimodzi, limatseka maso n'kungoti zii. Choncho mukapeza 0 kapena 1 pa mwana amene wachitidwa opaleshoni yaikulu ndipo papita maola ambiri asanalandire mankhwala, musafulumire kulemba. Onani manja. Onani ngati mimba ikukwera ndi kutsika popuma. Mugwireni mumve ngati ndi wofewa ngati mwana wogona kapena wokungika. Mutembenuzeni pang'ono mosamala muone nkhope. Funsani mayi ake kuti, "Kodi kunyumba amagona chonchi?" Mwana wogona tulo tabwino amatayirira, manja amatambasuka, pakamwa pamatseguka pang'ono. Kupuma kosakoka mpweya kuja sikungomuzunza chabe, kumachititsanso kuti makhololo akhale m'mapapo n'kubweretsa chibayo.

Mbali inayo ndi mwana amene akukuwa, kuponda ndi kudziponya atangotuluka kumene m'chipinda cha opaleshoni. FLACC imupatsa 9 kapena 10, koma mwina si ululu. Ana ambiri, makamaka a zaka 2 mpaka 5 amene anagonetsedwa ndi mpweya wa sevoflurane, amadutsa m'nyengo yosokonezeka mutu akamatsitsimuka. Zimachitika mu theka loyamba la ola, ndipo kawirikawiri zimatha zokha pakapita mphindi zowerengeka. Akatswiri awiri, Sikich ndi Lerman, anakonza muyezo wake wapadera mu 2004, wotchedwa PAED, ndipo chinsinsi chake chili m'maso. Mwana amene akumva ululu amakuyang'anani, amawadziwa mayi ake n'kutambasula manja kuti amunyamule, amateteza pamene pali bala. Wosokonezeka mutu maso ake amangodutsa pa inu, mayi ake omwe sawazindikira, amawakankha, ndipo zochita zake zilibe cholinga. Wotereyu mutetezeni asagwe kapena kuzula diripi, chepetsani phokoso, auzeni makolo chimene chikuchitika chifukwa amachita mantha kwambiri. Koma ziwirizi zimatha kubwera pamodzi. Ngati simungathe kusiyanitsa, ndipo opaleshoniyo ndi yopweteka, chitani ngati ndi ululu, muuze wogonetsa odwala, muyezenso akayamba kukuyang'anani m'maso.

Kenako pali zinthu wamba zimene zimaliza mwana. Wasala kudya maola ambiri, ali ndi njala ndi ludzu. Akuzizidwa. Akumva nseru. Chikhodzodzo chadzaza ndipo akulephera kukodza, zimene zimachitika pambuyo pa mankhwala amphamvu opha ululu a morphine kapena jakisoni wochititsa dzanzi wa kumunsi kwa msana. Gwirani pansi pa mchombo mufunse kuti wakodza liti. Singano ya diripi yachoka mumtsempha ndipo dzanja latupa. Wadzuka osawaona mayi ake. Njira yosiyanitsira ndi yomweyo imene agogo aliyense amaidziwa: chotsani chimodzichimodzi. Abwere mayi, amufukate, ayamwe kapena amwe ngati dokotala walola, afunditsidwe, kenako yezaninso pakapita mphindi zochepa. Wamantha ndi wanjala amatonthola n'kukhalabe wotonthola. Waululu amatha kutonthola pang'ono, koma mukangomusuntha kapena kuyandikira bala, zimayambiranso. Chonde musatenge ola lathunthu mukuyesa zimenezi pa mwana wa 8 kapena 9. Chitani zonse pamodzi, mankhwala akubwera.

Ndipo pali ululu umene suyenera kungothiridwa mankhwala. Mwana amene ali ndi chikhakha kapena bandeji yothina pa mkono kapena mwendo, akayamba kuda nkhawa, kusakhazikika, ndi kufuna mankhwala ochulukirachulukira, ganizirani kuti minofu yatupa m'kati ndipo magazi sakuyenda. Mwa ana, zizindikiro zitatu zimenezi zimayamba kuoneka zala zisanasinthe mtundu, ndipo mtsempha ukhoza kumagundabe bwinobwino. Mutambasuleni zala pang'onopang'ono. Akakuwa, itanani dokotala wa opaleshoni nthawi yomweyo, chifukwa maola ochepa okha angamutayitse chiwalo. N'chimodzimodzinso ululu wa pamimba umene unkatsika kenako wayamba kukwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu, pamodzi ndi malungo, kusanza kapena kutupa kwa mimba.

7. Chitanipo kanthu, yezaninso, lembani

Nambala yolembedwa popanda chochita imangodzaza pepala. M'mawodi ambiri 4 ndi pamene amayambira kuchitapo kanthu, koma musapereke mankhwala potsatira nambala yokha. Mwana wonena 5 amene akusewera ndi kutsokomola bwinobwino ndi wosiyana ndi wonena 3 amene akukana kutembenuka. Mwana wokulirapo mufunseni kuti, "Ukufuna mankhwala ena kapena zikupiririka?" Mtundu ndi mlingo wa mankhwala amalemba ndi dokotala potengera kulemera kwa mwana, ndipo kufukata, kuyamwitsa, kumugoneka bwino ndi kumucheza zimayendera limodzi ndi mankhwalawo.

Yezaninso pakapita mphindi 15 mpaka 30 ngati mankhwala adzera mumtsempha, ndi mphindi 30 mpaka ola limodzi ngati ndi akumwa, ndi muyezo womwe uja. Maola oyambirira yezani pafupipafupi, monga ola lililonse, kenako osapitirira maola 4 alionse, usiku womwe. Lembani nthawi, dzina la muyezo, nambala atagona ndi atasuntha, chimene mwachita, ndi nambala yapambuyo pake. "FLACC 6" ndi "nkhope 6" si chinthu chimodzi, choncho dzina la muyezo lisasowe.

Mwana amene walandira morphine kapena mankhwala a mtundu umenewo, yezani zinthu ziwiri nthawi imodzi: ululu ndi kuwodzera. Kuwodzera kopitirira kumayamba kupuma kusanachepe. Werengani kapumidwe mphindi yathunthu, muone ngati akudzuka mukamuitana kapena kumukhudza pang'ono. Wovuta kudzutsa, woliza mkonono wachilendo kapena wopuma modukizadukiza, FLACC yake idzakhala 0, ndipo ameneyo ali pangozi. Musawonjezere mankhwala, itanani thandizo msanga.

8. Akabwerera kunyumba

Masiku ano ana ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo ululu waukulu amakaumva kunyumba, mankhwala ochititsa dzanzi atatha mphamvu. Makolo ali nawo muyezo wawo, PPPM, umene Christine Chambers ndi anzake anakonza ku Canada mu 1996, ndipo umagwira ntchito pa ana a zaka 2 mpaka 12. Ndi mafunso 15 oyankha kuti inde kapena ayi, poyerekeza ndi mmene mwanayo amakhalira masiku onse.

Kodi akudandaula kuposa kale? Akulira msanga? Akusewera pang'ono? Wasiya zimene amachita nthawi zonse? Akuoneka wankhawa? Wakhala chete kuposa kale? Mphamvu zachepa? Akukana kudya? Akudya pang'ono? Akugwira pamene pali bala? Akupewa kuti pasagundidwe? Akubuula? Nkhope yafiira kapena kutentha kuposa kale? Akufuna kukhala pafupi nanu kwambiri? Akulandira mankhwala pamene masiku onse amakana?

"Inde" akafika 6 kapena kuposa, mwanayo ali ndi ululu wofunika kuuthandiza. Onani kuti ambiri mwa mafunsowa akufunsa za kukhala chete, kusadya ndi kusasewera. Funso lomalizalo ndimalikonda kwambiri, chifukwa mwana amene nthawi zonse mumalimbana naye kuti ameze mankhwala, lero akayasamula yekha, wakuuzani zambiri.

Masiku awiri kapena atatu oyamba, perekani mankhwala pa nthawi zimene munauzidwa, musadikire kuti alire kaye. Yezani mlingo ndi sirinji kapena kapu yake ya mankhwalawo, osati supuni yodyera. Musamupatse mankhwala otsala a munthu wina. Codeine, amene ndi mankhwala opha ululu, makamaka ndi woopsa kwa ana, chifukwa matupi ena amamusandutsa morphine mofulumira kwambiri. Bungwe loona za mankhwala la ku America, FDA, linachenjeza mu 2013 kuti asaperekedwe kwa ana ochotsedwa matonsi a kukhosi, ndipo mu 2017 linamuletsa, pamodzi ndi mankhwala ena opha ululu otchedwa tramadol, kwa ana osakwana zaka 12.

Bwererani kuchipatala ngati ululu ukukwera m'malo motsika, ngati mankhwala sakusintha kanthu pakapita ola, ngati mwana akuvuta kudzutsa, akukana kumwa, sanakodze kwa nthawi yaitali, watentha thupi, bala likutuluka magazi kapena mafinya, kapena zala za ku chikhakha zatupa, zazizira kapena zachita dzanzi. Sungani kapepala kolembapo nthawi, nambala imene mwapeza ndi mankhwala amene mwapereka, m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo mukamabwera mubwere nako.